Luso lathu ndi kafukufuku wa zaumoyo: thandizo la ndalama lingapezeke kuti?

Makalabu a achinyamata kuno kwa Mbenje sasowa luso. Tili ndi ochita zisudzo, olakatula ndakatulo, oimba valimba komanso atsikana ovina utse. Chimene chimasowa ndi ndalama yoyendera, yogulira zovala za sewero ngakhalenso ya nkhomaliro tikamakasewera ku Sorgin kapena ku Bangula. Pali khomo lina limene ambiri mwa ife sitinagogodepo, ndilo la anthu ochita kafukufuku wa zaumoyo.

Anthu amenewa amatifuna kuposa mmene timaganizira. Kafukufuku wambiri wa HIV, malungo kapena TB amafuna magazi, ndipo nkhani ya magazi ndi yovuta m'midzi mwathu. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa m'chaka cha 2017, zomwe zinayambira ku Mulanje n'kufalikira m'maboma ena a chigawo cha kumwera. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa kaye ogwira ntchito ake m'madera ena. Wofufuza amene wabwera ndi jakisoni ndi timabotolo m'mudzi wa anthu amantha chotere, ntchito yake siyenda, ngakhale akhale wophunzira bwanji.

Bungwe la Wellcome Trust la ku Britain, lomwe limapereka ndalama zochitira kafukufuku wa zaumoyo, linayesa njira ina m'chaka cha 2012. Linatumiza anthu aluso kukakhala ndi ofufuza m'maiko 6: Malawi, Kenya, South Africa, Thailand, Vietnam ndi Britain. Kuno kwathu anasankhidwa anali Elson Kambalu, katswiri wa zojambulajambula, yemwe anagwira ntchito ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome Trust. Bungweli linayamba mu 1995, likulu lake lili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo limachitanso kafukufuku kwa anansi athu ku Chikwawa.

A Kambalu sanapite ku Chikwawa kukawauza anthu kuti kafukufuku ndi wabwino. Anapempha amayi kuti ajambule ndi dothi, monga amachitira pokongoletsa zipupa za nyumba zawo, zomwe iwo amaona ndi kuganiza pa nkhani ya chipatala ndi kafukufuku. Ana nawonso anajambula zawo. Iwo eni anapanga ziboliboli, china n'kuchitcha Kafukufuku Man, zofotokoza mantha amene anthu amakhala nawo akamatengedwa magazi. Kumapeto kwa 2013 ntchitozi zinakaonetsedwa ku London pa chionetsero chotchedwa Foreign Bodies, Common Ground.

Apa ndi pamene ife tikuonapo phunziro lalikulu. Takhala tikuzolowera kuti bungwe limabwera ndi uthenga wolemba kale, ife n'kungouveka nyimbo. Koma ku Chikwawa uthenga unachokera kumudzi kupita kwa madokotala. Ndalama inalipira waluso kuti amvere anthu ndi kunena zimene iwo sakanatha kunena pamaso pa dokotala. Ntchito yotere ife tingaithe bwino kuposa mlendo, chifukwa timalankhula Chisena ndi Chimang'anja, ndipo timadziwa zimene zimanenedwa pa mjigo, pa maliro ndi padoko galimoto ya ofufuza ikangochoka. Timadziwanso mmene nkhani ya kupita kufa imakambidwira pakati pa akuluakulu, osati mmene imalembedwera m'malipoti.

Pulogalamu ya 2012 ija inatha, choncho tisayembekezere kuti ibweranso mmene inalili. Komabe mabungwe akuluakulu amene amalipira kafukufuku masiku ano amafuna kuti ofufuza aonetse mmene adzakambirane ndi anthu a m'dera, ndipo ntchito imeneyi imakhala ndi ndalama yake pa bajeti. Kawirikawiri ndalamayi silengezedwa m'nyuzipepala. Imapita kwa gulu limene ofufuzawo akulidziwa kale. N'chifukwa chake tikamva kuti kwabwera kafukufuku pa chipatala chathu chaching'ono, tisamangoonerera. Tifunse kwa alangizi a zaumoyo kapena kwa mfumu dzina la amene akuyang'anira zokambirana ndi anthu a m'mudzi, tikamuone, ndi kumuitana kuti adzaonere sewero lathu.

Khomo lina lili ku Zomba. Bungwe la Art and Global Health Center Africa, lomwe ambiri amangoti ArtGlo, lakhala likugwiritsa ntchito zisudzo pa nkhani za HIV kudzera mu pulogalamu ya Make Art/Stop AIDS, ndipo pulogalamu yake ya Students with Dreams yakhala ikupereka maphunziro ndi kandalama koyambira kwa ophunzira a m'makoleji. Ngati kalabu yathu ili ndi mnzathu amene anasankhidwa kupita kukoleji, ameneyo ndiye mlatho wathu.

Tisanagogode paliponse tikonze kaye kwathu. Palibe bungwe lingapereke ndalama m'thumba la wapampando. Kalabu ikhale yodziwika ku ofesi ya achinyamata ya pa boma ku Nsanje, ikhale ndi malamulo ake olembedwa, akaunti ya ku banki yosainira anthu angapo, ndi kope lolembamo tsiku, malo ndi chiwerengero cha anthu amene anaonera sewero lililonse. Zithunzi za pa foni zimathandizanso. Pa bajeti tisachite manyazi kulembapo malipiro a osewera, popeza kuloweza sewero milungu iwiri ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ndipo wina akatiimbira foni kuti titumize kaye ndalama ya fomu kuti tilandire thandizo, ameneyo ndi wakuba.

Tikagwirizana ndi ofufuza, tiwapemphe kuti atifotokozere kafukufukuyo mpaka timumvetse: magaziwo akupita kuti, akawayeza chiyani, zotsatira adzauza ndani. Tisalonjeze pa bwalo zimene iwo sanalonjeze, monga kuti olowa kafukufuku adzachira, ndipo sewero lathu lizinena poyera kuti munthu ali ndi ufulu wokana. Nkhani ya munthu amene ali ndi kachirombo, kaya ndi ya mnzathu wa m'kalabu momwemo, isalowe m'sewero mwini wake asanalole, ngakhale titasintha dzina, pakuti kuno kwa Mbenje timadziwana.