Kanjira Kophunzirirapo Kuseri kwa Sukulu

Mwana wa ku Bwacha angathe kumaliza Giredi 7 akudziwa kumene mtsinje wa Nile umathera, koma osatha kusiyanitsa msangu ndi mthethe. Kuyambira zaka za m'ma 1970, magulu a Chongololo akhala akuphunzitsa ana a m'masukulu a Zambia za chilengedwe, komatu phunziro lotere limakhazikika pamene mwana wagwira khungwa la mtengo ndi dzanja lake. Nchifukwa chake sukulu iliyonse ifunika kanjira kolambulidwa ndi ana eni ake, kokhala ndi malo oimapo anayi kapena asanu, ndi timatabwa tolembapo maina.

Inu alimi ndinu odziwa zoti ziikidwe m'kanjirako. Pa msangu ana aone mtengo woyoyola masamba m'dzinja, umene umanoneretsa nthaka osatchinga dzuwa la chimanga. Pa chulu aone mmene chiswe chimatulutsira dothi la pansi. Pamene madzi akumba ngalande adzale mzere wa udzu wa vetiva, ndipo aziyeza dothi limene watchinga chaka ndi chaka. Pa mkuyu akumbutsidwe za mkuyu waukulu wa pakati pa tauni yathu, umene boma limauteteza monga chikumbutso cha dziko.

Koma ku Kabwe kanjira kotere kali ndi ntchito inanso yoposa apa. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'nthaka, makamaka ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo mphepo siiona malire a komboni. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana wamng'ono umaononga ubongo, ndipo maphunziro amabwerera m'mbuyo. Choncho pasatsale nthaka yambee: m'mbali mudzalidwe kapinga, popondapo pathiridwe miyala yosachokera ku milu ya mgodi. Ndiwo zamasamba zisalimidwe pamene dothi silinapimidwe, ndipo ana asambe m'manja akaweruka.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko lino imayamba pa 15 Disembala, sukulu zili pa tchuthi, nthaka ili yonyowa ndipo fumbi lagona. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu sukulu zisanatseke, mutenge mbande za ku nazale yanu ndi chingwe choyezera. Khasu lokha mupatse ana, pakuti mtengo umene mwana wadzala yekha sauthyola nthambi.