Ocotsedwa Ng'ala Kale Angathe Kuonanso

M'midzi yathu muli agogo amene anacotsedwa ng'ala zaka zambili zapitazo napatsidwa mandala ocindikala zedi. Mandalawo atasweka kapena kutayika, maso ao anacitanso cimbuuzi, ndipo lelo ayenda cogwilidwa dzanja ndi adzukulu. Ambili a iwo angathe kuthandizidwa.

Kuseli kwa mwana wa diso kuli kagalasi kacibadwa kokhala m'kathumba kopyapyala. Nchito yake ndi kulunjikitsa kuwala kuti munthu aone zinthu bwinobwino. Kagalasi kameneka kakacita mbuu, ndiyo ng'ala. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 madokotala ambili muno mu Africa anali kukacotsa pamodzi ndi kathumba kake. Diso lotele, popanda mandala, liona kuwala ndi zithunzithunzi cabe.

Nzelu yoika kagalasi kopanga m'kati mwa diso inayamba ndi Dokotala Harold Ridley wa ku England. Pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, iye anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki totsalila m'maso a oyendetsa ndege ovulala sitinali kutupitsa maso. Motelo mu 1949 anayamba nchitoyi pa cipatala ca St Thomas' mu London. Kwa nthawi yaitali timagalasiti tinali todula, koma mtengo unatsika pamene fakitale ya Aurolab ku India inayamba kutipanga mu 1992.

Masiku ano dokotala pocotsa ng'ala asiya kathumba kaja naikamo kagalasi katsopano. Nanga amene kathumba kao kanacotsedwa kale, kapena kanang'ambika atalasidwa ndi mtengo kapena mwala? Kwa iwo kagalasi kafunika pogwila pena. Dokotala angakasokelele ku coyela ca diso ndi ulusi woonda kupambana tsitsi, kapena kukapanikiza ku mbali yakuda yozungulila mwana wa diso. Mu 2017 Dokotala Shin Yamane wa ku Japan anafalitsa njila yosafuna ulusi: timiyendo tiwili ta kagalasi titulutsidwa pa coyela ca diso, nsonga zake n'kutenthedwa pang'ono kuti zikhale ngati mutu wa msomali, zisabwelele m'kati.

Opaleshoni iyi ndi yovuta kuposa ya ng'ala wamba, ndipo si diso lililonse limene liyenela. Ngati mtsempha wa diso unafa kale, kagalasi sikangabweze kuona. Ena dokotala adzawalembela mandala atsopano, ndipo naconso ndi cithandizo cacikulu.

Cotelo inu amene musunga nkhalamba yotele, musaidontheze mankhwala a zitsamba m'maso, cifukwa angaononge diso kothelatu. Pitani nayo ku kiliniki yapafupi, mupemphe kalata yopita ku cipatala copima maso, monga ca Mwami pafupi ndi Chipata kapena UTH mu Lusaka. Ngati khadi lakale la cipatala likalipo, mulinyamule.