Masewera a panja ofuna kulimba mtima

Masewera a panja ofuna kulimba mtima ndi zinthu zimene ana ndi achinyamata amachita kunja, zomwe zimawasangalatsa komanso zitha kuwavulaza. Zina mwa izo ndi kukwera mapiri ndi mitengo, kupalasa bwato, kusambira m'nyanja ndi m'mitsinje, kugona m'tchire ndi kuyenda maulendo aatali apansi. Nkhani yaikulu pa masewerawa ndi ya kuyeza ubwino wake poyerekeza ndi ngozi zake, popeza kuwaletseratu nako kumamana mwana zinthu zofunika pa kukula kwake.

Mbiri

Kuyambira kale ana akhala akukwera mitengo ndi kusambira popanda wowauza. Koma kugwiritsa ntchito masewerawa ngati njira yophunzitsira kunakula m'zaka za m'ma 1900. Mu 1907 Robert Baden-Powell anatengera anyamata kukagona m'matenti pa chilumba cha Brownsea ku England, ndipo apa ndi pomwe gulu la ma Scout linayambira. Mu 1941 mphunzitsi wa ku Germany, Kurt Hahn, pamodzi ndi Lawrence Holt anatsegula sukulu ya Outward Bound ku Aberdyfi, m'dziko la Wales, yophunzitsa amalinyero achinyamata kupirira panyanja m'nthawi ya nkhondo. Hahn anathandizanso kukhazikitsa mphotho ya Duke of Edinburgh mu 1956. Kuti alandire mphothoyi, achinyamata a zaka 14 mpaka 24 amayenera, mwa zina, kukonza okha ulendo ndi kuuyenda pagulu.

Mitundu

Mu 2007 Ellen Sandseter, wofufuza wa ku Norway, anagawa masewera oterewa m'magulu 6: kukwera pamalo aatali, kuthamanga pa liwiro lalikulu, kugwiritsa ntchito zida monga mipeni ndi nkhwangwa, kusewera pafupi ndi madzi kapena moto, kulimbana kwa masewera, ndi kupita kumalo kumene mwana angasochere.

Ubwino

Ubwino woyamba ndi wa thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, koma achinyamata ambiri padziko safikapo.

Ubwino wachiwiri ndi wa nzeru. Mwana amene akukwera mtengo amaphunzira kuyesa nthambi asanaiponde, ndi kudziwa pofunika kubwerera. Luso limeneli silibwera pongomva malangizo ayi. Limabwera poyesa, kulakwitsa pang'ono ndi kuyesanso. Paulendo wapagulu achinyamata amaphunziranso kugawana katundu, kudikira wotopa ndi kumvana pa chochita zinthu zikavuta.

Ngozi

Kuvulala kochuluka kumakhala kwakung'ono, monga zilonda ndi kubinya, ngakhale ena amathyoka mafupa. Zimene zimapha kawirikawiri ndi kumira, kugwa kuchokera patali ndi kuzizidwa koopsa. WHO inayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 236,000 anafa pomira, ndipo ana ndi achinyamata ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri.

Chitsanzo chodziwika ndi ngozi ya ku Lyme Bay ku England. Pa 22 Malichi 1993 ophunzira 8 ochokera ku Plymouth, mphunzitsi wawo ndi alangizi awiri ananyamuka ku Lyme Regis pa timabwato totchedwa kayak kulowera ku Charmouth. Mphepo inawakankhira pakati pa nyanja, timabwato tinadzaza madzi, ndipo thandizo linachedwa kufika. Ophunzira anayi anamwalira. Kukhoti kunadziwika kuti alangiziwo analibe luso lokwanira, ndiponso kuti ogwira ntchito ena anali atachenjeza kale akuluakulu a kampaniyo m'kalata. Kampani inapezeka yolakwa ndipo mkulu wake anamangidwa. Mu 1995 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loti malo ochititsa masewera ena oterewa kwa ana osakwana zaka 18 azikhala ndi chiphaso. Lamulolo silinaletse masewerawo, koma linafuna kuti owatsogolera akhale odziwa ntchito.

Kuyeza ubwino ndi ngozi

Akatswiri amasiyanitsa zoopsa za mitundu iwiri. Pali choopsa chimene mwana akuchiona ndipo angasankhe yekha kuchiyesa kapena kuchisiya, monga kutalika kwa thanthwe. Palinso choopsa chobisika chimene sangachizindikire, monga chingwe chofumbwa, madzi othamanga pansi kapena nyengo imene ikusintha. Ntchito ya wamkulu ndi kuchotsa zobisikazo ndi kusiyira mwana zooneka, molingana ndi msinkhu wake. Poyeza, mtsogoleri amafunsa chimene ana apindule, choipitsitsa chimene chingachitike, ndi kumene thandizo lingachokere. Chilonda cha pabondo ndi chovomerezeka. Imfa kapena kulumala ayi.

Ku Malawi

Magulu a achinyamata amakonda kukwera mapiri a Mulanje, Zomba ndi Dedza. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'nyengo yozizira chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza moti njira imasowa m'kanthawi kochepa. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anafera paphiripo atapitiriza ulendo yekha popanda womulondolera. N'chifukwa chake okwera amalangizidwa kutenga olondolera a m'deralo, zovala zofunda ndi chakudya chokwanira. Pa nyanja ya Malawi zofunika kusamala nazo ndi mphepo ya mwera, imene imautsa mafunde aakulu, ndi matenda a likodzo, amene amafala kudzera mu nkhono za m'madzi. M'mitsinje monga Shire mulinso ng'ona ndi mvuu, choncho malo osambira ayenera kufunsidwa kwa eni dera.