Zinyalala za pa boma la Mangochi zimathera kuti?

Mukachoka kuno ku Malindi n'kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, simuyenda mtunda wautali musanaone mulu wa zinyalala pafupi ndi msika kapena pokwerera minibasi. Kuzichotsa ndi udindo wa khonsolo, koma galimoto ikangochedwa masiku awiri, ntchentche zimadzaza. Mvula ikagwa, madzi amakokolera zonse mu mtsinje wa Shire, kenako m'nyanja ya Malombe momwe asodzi amapha nsomba zomwe timadya. Amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unavuta kwambiri m'boma lino, akudziwa kuopsa kwa uve.

Muluwo mukauyang'anitsitsa, zambiri ndi zowola: makoko a nthochi, mango ovunda, masamba, mamba ndi matumbo a nsomba. Izi zikaunjikidwa pazokha n'kumatembenuzidwa, pakatha miyezi itatu zimasanduka manyowa, chonsecho alimi akulira ndi mtengo wa feteleza. Mabotolo a pulasitiki amawafuna amayi ogulitsa thobwa, ndipo zitsulo zakutha zimagulidwa pa sikelo. Zonsezi zimatha ntchito zikangosakanizidwa mu bini imodzi. Ndiye kusankha kuyenera kuyambira pa benchi pa wogulitsa: dengu la zowola apa, thumba la mabotolo apo. Zotsalira galimoto zimachepa.

Ovuta ndi majumbo opyapyala. Boma linawaletsa mu 2015, ndipo khoti la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019, koma amapezekabe. Saola, alibe wowagula, ndipo ndi omwe amatseka ngalande.