Mawu Othandiza Ophunzira Kuwerenga Zithunzi, Mapu ndi Magalafu

Mawu Oyamba

Buku la sayansi, la zaulimi kapena la jogalafe siliwerengedwa monga momwe timawerengera nthano. Nthano imayambira pamwamba pa tsamba n'kutsikira m'munsi, koma m'mabuku a maphunziro awa maso amayenera kuchoka pa ndime, kupita pa chojambula, kenaka n'kubwereranso. Wophunzira amene sanazolowere zimenezi amalumpha zojambula zonse poganiza kuti n'zongokometsera tsamba, chonsecho phata la phunziro lagona pomwepo.

Kuyambira mu 1972, pamene bungwe loyang'anira Chichewa linakhazikitsidwa, ntchito yaikulu inali yolongosola kalembedwe, ndipo malamulo ake anatuluka mu 1973, 1980 ndi 1990. Mu 1996 ntchitoyi inapita ku likulu la kafukufuku wa ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi, lomwe mu 2000 linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Komabe mawu otchulira zojambula za m'mabuku akadali osiyana kuchoka kwa mlembi wina kupita kwa wina. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza malo anayi pamene ophunzira amapunthwa, ndi kupereka mawu amene tingagwirizanepo.

1. Liwu loti chithunzi

Liwuli timalisenzetsa katundu wochuluka. Ndi bwino kusiyanitsa motere:

(a) chithunzi: chojambula chosonyeza chinthu monga momwe chimaonekera ndi maso;
(b) chithunzi chofotokozera: chojambula chimene chasiya zina dala kuti zigawo zofunika zioneke, ndipo chimakhala ndi mivi ndi mayina;
(c) galafu: chojambula choyerekeza kuchuluka kwa zinthu pogwiritsa ntchito mizati kapena mizere;
(d) tebulo la manambala: manambala osanjidwa m'mizere, kusiyanitsa ndi tebulo lodyerapo;
(e) mapu: chojambula cha malo monga momwe angaonekere kuchokera kumwamba.

Kusiyanitsaku sikongofuna kuchulutsa mawu. M'mabuku ambiri a sayansi, mitsempha yobwezera magazi ku mtima imapakidwa mtundu wabuluu, ndipo yochotsa magazi ku mtima imapakidwa mtundu wofiira. Mwana amene wauzidwa kuti ichi ndi chithunzi amakhulupirira kuti m'thupi mwake muli magazi abuluu. Zoona zake n'zakuti magazi onse ndi ofiira, kungoti amene achepekedwa okosijeni amadera. Akadauzidwa kuti ndi chithunzi chofotokozera, akadadziwa kuti mitunduyo ndi zizindikiro chabe.

Pa nkhani ya mitundu pali vuto linanso. Liwu loti kubiriwira limatchula mtundu wa msipu ndiponso wa thambo. Pa mapu mitundu iwiriyi ili ndi ntchito zosiyana: wina umaimira nkhalango, wina umaimira madzi. Tikupempha alembi kuti asunge liwu loti wobiriwira pa mtundu wa msipu, ndipo pa mtundu wa madzi alembe wabuluu. Akonzi aonetsetse kuti zilembo za u zilipo ziwiri, pakuti bulu ndi nyama yokoka ngolo.

2. Liwu loti sikelo

Kwa mwana wa kumudzi, sikelo ndi chipangizo choyezera fodya kapena nyama, ndiponso ndi kumene amayi amapita ndi makanda mwezi ndi mwezi. Akakumana ndi liwu lomweli pansi pa mapu, amaganiza za kulemera, pamene nkhani ndi ya mtunda. Mawu oti mlingo wa mapu amamveka bwino koposa.

Liwu lokha silikwanira, mlingowo uzimasuliridwa. Pa mapu olembedwa 1:50,000, sentimita imodzi imaimira masentimita 50,000 a pansi penipeni, amene ndi mamita 500. Choncho masentimita awiri pa mapu ndi kilomita imodzi yoyenda ndi miyendo. Mlembi alembe chiganizo chotere pamene mlingo waonekera koyamba. Chimodzimodzinso kabokosi kamene kamafotokoza zizindikiro za pa mapu: kukatchula kuti kiyi kapena mfungulo kumakumbutsa mwana za chitseko. Tingoti tanthauzo la zizindikiro.

3. Manambala ndi zidule za miyeso

Tsiku lina ndinaonerera phunziro la zaulimi pa sukulu ina. Mphunzitsi anajambula pa bolodi thumba la feteleza la makilogalamu 50 lolembedwa 23:21:0+4S, nafunsa kuchuluka kwa naitirojeni m'thumbamo. Ana ambiri anayankha kuti makilogalamu 23. Sanalakwitse masamu, sanauzidwe kuti manambalawo akunena za magawo pa 100 aliwonse. Magawo 23 pa 100 aliwonse a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 11.5. Thumba limene muli makilogalamu 23 a naitirojeni ndi la yureya, amene ali ndi magawo 46 pa 100 aliwonse. Mwana ameneyu mawa ndi mlimi, ndipo kusokoneza kotere adzakulipira ndi zokolola zake.

Phunziro kwa ife ndi lakuti nambala isayende yokha popanda muyeso wake. M'kati mwa chiganizo tilembe liwu lonse, dzina patsogolo nambala pambuyo: makilogalamu 50, mamilimita 200. M'tebulo la manambala ndi pa galafu tigwiritse ntchito zidule zodziwika pa dziko lonse, monga kg, cm ndi mm. Zidulezi sizilandira mphatikiram'mbuyo wochulukitsa ndiponso sizisinthidwa zilembo. Tilembe 50 kg, osati makg 50.

4. Kuwerenga galafu

Galafu ya nyengo, monga ya Lilongwe, imasenza nkhani ziwiri nthawi imodzi. Mizati imasonyeza mvula m'mamilimita, ndipo imatalika kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mzere wokhotakhota umasonyeza kutentha m'madigiri, ndipo umakwera kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Miyeso iwiriyi imalembedwa mbali ziwiri, wina kumanzere wina kumanja. Wophunzira akawerenga mzati wa Januwale poyang'ana mbali ya madigiri, yankho lake limakhala lolakwika ngakhale waona bwinobwino.

Aphunzitsi azoloweze ana kufunsa mafunso anayi asanayankhe chilichonse: Mutu wa galafu ukuti chiyani? Mzere wogona ukusonyeza chiyani? Mzere woimirira ukusonyeza chiyani, ndipo m'miyeso yanji? Manambala ayambira pa 0 kapena pena? Funso lotsirizali n'lofunika chifukwa galafu yosayambira pa 0 imakuza kusiyana kochepa. Pambuyo pake mwana anene m'chiganizo chimodzi cha Chichewa zimene galafu ikunena. Akalephera, ndiye kuti sanaiwerenge.

Mawu Otsiriza

Akonzi aonetsetse kuti chojambula chilichonse chili ndi nambala ndi mutu, kuti ndime ikuchitchula ndi nambala yakeyo, ndiponso kuti liwu limene lili pa muvi ndi lomwelo limene lili m'ndime. Ngati ndime yati mzere woimirira, galafu isanene kuti mzere wotsika. Mawu taperekawa sitikuti atha kupsa. Tikupempha aphunzitsi kuti awayese m'kalasi, ndipo atilembere kutiuza amene ana awamva msanga ndi amene akuwavutabe.