Kunenepa, Kuwonda ndi Moyo wa Munthu

Munthu akafika kumudzi kuchokera ku tauni kapena ku Joni atatuluka kamimba, abale amamulonjera ndi mawu akuti "mwanenepatu," ndipo mawuwa amakhala oyamikira. Kuyambira kale kunenepa kwakhala chizindikiro cha kupeza bwino. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatchedwa kaliwondewonde, ulemu wa thupi lalikulu unakula koposa, pakuti aliyense wowonda ankalozedwa chala. Koma achipatala nkhaniyi amaiona mwa njira ina.

Iwo amayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, mwa muyeso wotchedwa BMI, umene unachokera kwa katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet. Msinkhu m'mamita umachulukitsidwa ndi msinkhu womwewo, kenaka makilogalamu amagawidwa ndi yankholo. Mayi wotalika mamita 1.6, wolemera makilogalamu 70, amapeza 27. Bungwe la World Health Organization limati kwa munthu wamkulu muyeso woyenera ndi woyambira 18.5 koma wosafika 25. Kuyambira 25 thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 kunenepako kwafika poopsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse, 21 anali opitirira muyeso.

Komatu sikelo siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Mnyamata wonyamula matumba a chimanga angathe kulemera kwambiri ali wathanzi ndithu. Chofunika n'kudziwa malo amene mafutawo akhala. Oopsa kwenikweni ndi a m'mimba, ozinga matumbo ndi chiwindi, chifukwa amalepheretsa thupi kumvera insulini, imene imachotsa shuga m'magazi kuti alowe m'minofu. Shugayo akachuluka m'magazi kwa zaka, amawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Thupi lolemera limapanikizanso mtima, magazi nayamba kuthamanga mopitirira, mwini wake osamva kanthu kufikira tsiku lakufa ziwalo. Mawondo nawo amadandaula.

Mafuta a m'mimbawa angayezedwe pakhomo pomwepo ndi chingwe wamba. Chingwe chofanana ndi msinkhu wa munthu chipindidwe pawiri, ndipo chizungulire mimba pafupi ndi mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mimbayo yakula kuposa theka la msinkhu, ndipo mwini wake ayenera kukayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chosangalatsa n'chakuti sipafunika kutsika kwambiri. Kafukufuku amene anafalitsidwa ku America mu chaka cha 2002 anaonetsa kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atasintha kadyedwe, kumayenda ndawala mphindi 150 pa sabata ndi kuyesetsa kuchotsa makilogalamu 7 pa 100 alionse, anachepetsa chiopsezo cha nthendayo koposa theka. Kwa mayi wa makilogalamu 70 uja, awa ndi makilogalamu 5 okha. Poyambira ndi masupuni a shuga a mu tiyi, zakumwa zozizira zotsekemera, ndi chipisi chokazinga m'mafuta ambiri. Mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke.

Kuwonda nakonso kuli ndi zake. Munthu amene thupi likutha popanda chifukwa chodziwika asayamikiridwe kapena kunyozedwa, koma aperekezedwe kuchipatala, pakuti chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV, khansa, ngakhale matenda a shuga omwewo, amayamba motero kawirikawiri.