Tanthauzo la Mawu Akuti "Monomorphic"

Aphunzitsi a sayansi ndi alembi a mabuku a sukulu amakumana ndi mawu akuti "monomorphic" pofotokoza za nyama ndi mbalame. Mawuwa adachokera ku Chigiriki: "monos" ndiye kuti chimodzi chokha, pamene "morphe" ndiwo maonekedwe kapena kaumbidwe ka chinthu. Motero m'Chichewa tinganene kuti "-a maonekedwe amodzi".

Komatu tanthauzoli silimveka pokhapokha titadziwa zimene zikuyerekezedwa. Kawirikawiri akatswiri amayerekeza chachimuna ndi chachikazi cha mtundu womwewo. Khwangwala wamwamuna ndi wamkazi sasiyana nthenga. Nkhanganso n'chimodzimodzi, mwakuti ngakhale oziweta amazindikira bwino yaikazi poimva kulira, osati poiyang'ana. Zimenezi ndizo mbalame za maonekedwe amodzi. Tambala ndi thadzi kusiyana kwawo n'koonekeratu, monganso mbuna zambiri za m'Nyanja ya Malawi zimene zazimuna zimawala kuposa zazikazi. Zoterezi amazitcha "dimorphic", kutanthauza za maonekedwe awiri.

Nkhwazi ndiyo ingasokoneze wolemba. Nthenga za yaimuna ndi yaikazi n'zimodzi, koma yaikazi imakula thupi kuposa yaimuna. Choncho wolemba anene poyera kuti ndi ya maonekedwe amodzi pa nthenga, osati pa msinkhu.

Ena angafune kumasulira mawuwa kuti "-a mtundu umodzi". Kumeneku n'kulakwa, pakuti "mtundu" ali kale ndi ntchito zambiri: mtundu wa anthu, mtundu wa nyama, ngakhalenso mtundu wa nsalu, wofiira kapena wobiriwira. Wophunzira akawerenga kuti makwangwala ndi a mtundu umodzi sapezapo chachilendo, chifukwa tambala ndi thadzi nawonso ndi mtundu umodzi. Mawu akuti "ofanana" ndi abwinoko, koma kufanana kuli ndi miyeso. Mwana amafanana ndi bambo ake popanda kukhala chimodzimodzi. Ife tikuona kuti "amodzi" ndiwo akugwira mfundo yeniyeni.

M'maphunziro a za kumtundu, mawu omwewa amanena za jini imene ili ya mpangidwe umodzi wokha mwa zamoyo zonse za m'gulu limene likufufuzidwa.

Akonzi achenjerenso ndi mawu ena oyandikana nawo akuti "monomorphemic". Amenewa ndi a malamulo a chiyankhulo, ndipo amanena za mawu osagawika m'zidutswa zokhala ndi tanthauzo, monga "inde", kusiyana ndi "ndikudya" amene amagawika chonchi: ndi-ku-dy-a.